Mawu a Rosalina Anadikira Malume Ake

Ana anga, pamwamba pa kabati m'chipinda changa pali kachitsulo kokulungidwa m'kansalu ka chitenje. Mayi anu afuna kukataya kangapo konse, amati n'zinyalala za kusikola. Ndikadzapita musadzakataye. Ndi disiko ya komputadoro, yakufa, yosathandiza munthu aliyense, koma ndinailandira pamwambo wa maliro anthu akuona, ndipo m'menemo munali mawu a mwana wa munthu. M'mutu uno ndifotokoza mmene inafikira pakabatipo. Ndiyambira patali pang'ono, mundipirire.

Ntengo-Wambalame, nkhondo itangotha

Uphunzitsi ndinauyambira ku Ntengo-Wambalame, nthawi imene tinkabwerera kuchokera ku Malawi ndi mitolo pamutu. Sikola inali makoma okhaokha, malata anapita ndi nkhondo. Choko tinkachita kuthyolerana ndi mnzanga, chikatha tinkalemba ndi chinangwa chouma. Diretolo wathu, mkulu wa sikolayo, anali bambo wamfupi amene ngakhale popereka moni ankamveka ngati akukalipa, koma ndi iye anandiphunzitsa chinthu chimene chinadzanditsata mpaka kumapeto kwa ntchito yanga.

Mwana wina wa m'kalasi langa anamwalira ndi malungo. Kope lake linatsala pansi pa benchi, masamba ambiri asanalembedwe, ndiye mnzake wokhala naye pafupi analitola n'kumalembamo. Pepala masiku amenewo linali losowa, palibe anaonapo cholakwa. Koma malume a malemuyo atamva, anabwera atavala jekete, anakhala pakhonde la sikola osalankhula ndi munthu mpaka dzuwa linapendeka. Mawa lake diretolo anakapepesa kumudzi atanyamula nkhuku kukhwapa. Pobwerako anandiitana.

"Banda, iwe wakulira kumsasa wa othawa nkhondo, zina sukuzidziwa," anatero. "Kuno katundu wa malemu, ngakhale singano, sasuntha mpaka mwini mbumba atabwera kudzamasula. Boma lili ndi malamulo ake, koma boma silipita kumanda ndi anthuwa. Timapita ndife."

Tsangano, zaka zapakati

Kenako ananditumiza ku Tsangano, kumene kuzizira kwake choko chimagwa m'zala. Kumeneko n'kumene ndinakwatira mayi anu, n'kumenenso nonse munabadwira, ndipo mbatata imene munakulira ndinkalima ndekha chifukwa malipiro ankabwera akafuna. Chaka china kunabwera uthenga woti mphunzitsi mmodzi apite ku Tete kukaphunzira komputadoro. Anasankha ine, ati popeza ndimaphunzitsa masamu ndiye sindingaope mawaya. Ndinakaphunzira ndithu, n'kubwerera kusikola yopanda komputadoro ngakhale imodzi. Mabatani ndinawajambula pakatoni ya sopo, ana n'kumadina pamenepo ndi zala. Akuluakulu ochokera kuboma anabwera kudzayendera, anaona katoniyo, anaiyamikira, n'kukwera galimoto lawo. Mtima unandiwawa, koma ndikanadandaula kwa ndani?

Furancungo, zaka zoyamba

Ku Furancungo ndinafika tsitsi litayamba kuyera. Sikola yake ya sekondaliya inali ndi makomputadoro angapo akale m'kachipinda ka zenera limodzi, ndipo kiyi wa kachipindako anapatsa ine. Tsiku lina kunatsika m'shapa, minibasi zathu zija, mwana wakale wa sikolayo dzina lake Inasio, amene ankagwira ntchito ya mawaya a intaneti ku Tete. Anali atakumbatira komputadoro ngati mwana wodwala, fumbi lili mbuu thupi lonse. Anati akufuna kuika sevidoro. Kwa inu amene simunaione, sevidoro ndi komputadoro imene sizimitsidwa, yosunga masamba a anthu kuti wina ali ku Tete kapena ku Beira awatsegule pafoni pake ngati ali pakhomo. Mwana aliyense wa sikola, ndi aliyense amene anamalizapo, ankapatsidwa malo ake oti aikepo zimene akufuna.

Anaikamo zinthu anawo! Mafunso a mayeso akale, zithunzi za timu ya mpira, nyimbo za kwaya, wina mpaka anatsegula tsamba lotsatsa nyemba za bambo ake. Koma Inasio ananenetsa kuti sevidoro si ya diretolo, si ya aphunzitsi, si ya boma, ndi ya ana ndi amene anali ana. Pamsonkhano wawo mphunzitsi analibe voti. Mawu achinsinsi otsegulira makina onse, amene ankawatcha senya yaikulu, ankasunga mwana mmodzi wa kalasi lomaliza, ndipo pochoka ankamunong'oneza wa pambuyo pake. Ine ntchito yanga inali kutsegula chitseko ndi kukalipa. Lamulo lawo lalikulu linali lakuti malo a mnzako sutsegula, susuntha, sukopera, mwini wake asanalole. Ndinkaliona ngati lamulo labwino, ndipo mpaka lero ndimaliona choncho.

Mavuto ndiye analipo. Magetsi ankathima akafuna, ndiye ana akale anasonkherana kugula batire la lole. Fumbi la m'chilimwe linkalowa m'makina, ana n'kumalichotsa ndi nthenga ya nkhuku. Diretolo wa kumeneko sankaifuna sevidoro m'pang'ono pomwe. Ankaitcha chitsulo chodya magetsi, ndipo chaka chilichonse ankafuna kachipindako kuti asungiremo simenti. Ndinkakangana naye mpaka thovu kukamwa. Nthawi ina anandiuza kuti, "ABanda, inu mudzafera chitsulo." Ndinamuyankha kuti bola kufera chitsulo kusiyana ndi kufera simenti, ndipo sanandipatse moni mwezi wonse.

Furancungo, zaka za Rosalina

Mwa ana amene anasungapo senya yaikulu panali Rosalina, mtsikana wapakamwa, woti ukalakwitsa pabolodi ankakuuza pomwepo anzake akumva. Mayi ake, aNaphiri, ankalima nyemba kunja kwa tauni n'kumagulitsa pamsika. Bambo ake anamwalira kalekale. Atamaliza sikola, Rosalina anapita ku Tete kukaphunzira unamwino. Mayi ake analibe foni, kuwerenganso sankatha, ndiye mtsikanayo anapeza nzeru. Ankajambula mawu ake pafoni n'kuwaika pamalo ake pasevidoro, ndipo anandipempha kuti mayi ake akabwera ndiziwatsegulira.

Ndiye tsiku la msika lililonse, akagulitsa nyemba zawo, aNaphiri ankafika pasikola, dengu lili pamutu. Ankavula matapata pakhomo ngati akulowa m'tchalitchi, n'kukhala pampando wa pafupi ndi zenera. Ine ndinkadina batani. Mawu oyamba sankasintha: "Amayi, ndine Rosalina." Ndikangomva amenewo ndinkatuluka, kutseka chitseko, n'kukaima pakhonde. Zimene mwana akuuza mayi ake si za mphunzitsi. Ndinkangomva kuseka kwawo kudzera pazenera, nthawi zina akumuyankha ngati ali naye pamodzi: "Iwe, bodza limenelo!"

Dzinja lina, Rosalina akubwera kutchuthi, shapa imene anakwera inatererera m'matope n'kugubuduzika. Anafera pomwepo. Foni yake sinapezeke. Ndinapita kumaliro, ndinalira ngati ndi mmodzi wa inu, sindichita manyazi kunena. Anaika maliro, anthu anameta, koma katundu wake sanagawe, chifukwa malume ake, aLorenso, mchimwene wa aNaphiri yemwe ndi mwini mbumba, anali kumafamu ku Joni ndipo sanathe kubwera. Zovala ndi mabuku anazitsekera m'sutukesi kudikira iwo.

Patapita nthawi, tsiku la msika, ndinangoona dengu pakhomo. ANaphiri anali ataonda, mpango utamangidwa pamutu wometa. Sanalowe msanga.

"APulofesolo, kumvera kokha kungakhale mlandu?" anandifunsa, pakuti kuno mphunzitsi amamuitana choncho.

Ndisanayankhe anadziyankha okha. "Munthu amasuzumira pazenera la nyumba ya malemu. Chimene sachita n'kutulutsa mpando."

Anavula matapata, analowa, ndinadina batani, ndinatuluka. Tsiku limenelo sindinamve kuseka. Kuyambira pamenepo sanaphonye tsiku la msika, ndipo ankakonda kuti ndiwatsegulire uthenga womaliza umene mwana wawo anatumiza asanakwere shapa ija.

Furancungo, chaka changa chomaliza

Chaka chimene ndinali kupuma pa ntchito, senya yaikulu inali ndi Selestina, mtsikana wodekha koma wouma mutu. M'mawa wina anandiitana kuti ndimvetsere. Mkati mwa sevidoro munkamveka kugogoda, go, go, go, ngati chiswe m'denga. Anati disiko ikufa, ndipo ikafa ipita ndi zonse, chifukwa tinalibe ina yosungirako. Ana akale anasonkheranso, Inasio anatumiza disiko yatsopano ndi dalaivala wa shapa. Potsata lamulo lawo, Selestina anaimbira foni aliyense wokhala ndi malo kupempha chilolezo chokopera zinthu zake. Onse analola. Panatsala malo a Rosalina okha, mwini wake ali kumanda.

Anachita msonkhano, ana akale akulankhula pafoni. Inasio anati kukopera si kuba, chinthu chimatsala pomwepo, tikopere basi. Ena anati ayi, lamulo ndi lamulo, mwini akamwalira chilolezo chili ndi abale. Anakangana mpaka mawu kusasa, kenako onse anatembenukira kwa ine amene ndinangokhala pakona ndi kiyi wanga. Ati ndinu wamkulu, gamulani. Ha! Zaka zonsezi akundimana voti, tsiku limene khoswe wakhala pamkhate ndiye andikumbukira.

Ndinakwera mota, njinga yamoto, kupita kumunda kwa aNaphiri. Ndinawapeza akupalira nyemba. Tinakhala pamzere, ndinawafotokozera mwa Chichewa chomveka kuti chosungira mawu chija chikudwala, ndipo tikufuna kusamutsira mawu a Rosalina m'china chatsopano.

"Kusamutsa?" anafunsa.

"Kukopera, mayi. Akale atsala momwemo, tingopanga ena ofanana nawo."

"Ndiye akhale awiri? Wina kuno, wina uko?" Anapukusa mutu. "APulofesolo, m'sutukesi muja muli mpango umene ndinamugulira ndine. Ndimaulakalaka, koma sindinautulutse. Mawunso anawasiya yekha pamene anawasiya. Ine ndine mayi wake, koma mbumba si yanga. Achimwene akabwera adzanena."

"Nanga chikafa asanabwere? Simudzamumvanso, mayi. Ndikunena zoona, sindikukuopsezani."

Anathothola udzu ndi zala. Misozi inatsika koma mawu awo sanagwedezeke. "Ndamva. Mwandiuza, simunandibise. Koma ndili ndi ana ena awiri. Ndikadumpha mwambo, wina n'kudwala, anthu adzaloza ndani? Ndi ine ndemwe mtima wanga udzaloza ndani? Lonjezani kuti simukhudza."

Ndinapempha nambala ya aLorenso n'kuwaimbira pomwepo, mayiwo akumva. Anali munthu waulemu, sanakalipe. Anati zotere sagamula pafoni ngati akugula mbuzi, ayenera kukhala pansi ndi abale, ndipo abwera ntchito ya m'munda ikatha. "Musakhudze, aPulofesolo, ndikubwera." Ndinayang'ana aNaphiri, ndinakumbuka bambo wa jekete uja pakhonde la ku Ntengo-Wambalame, ndipo ndinalonjeza.

Tinaika disiko yatsopano, yakale tinaisiya m'makina momwemo kuti izigwira ntchito ya munthu mmodzi yekha. Kugogoda kunkakulirakulira. Masana ena ana atatuluka, Selestina anatseka chitseko n'kuima patsogolo panga, kafulashi kokoperamo zinthu za m'komputadoro kali m'manja.

"APulofesolo, senya ndili nayo. Ndikopera pano, ndibisa. Palibe adzadziwe, ngakhale inu mutha kutuluka osaona."

Ana anga, pa ntchito yanga yonse sindinayesedwepo ngati tsiku limenelo. Mtima wanga wonse unkafuna kutuluka ndikaime pakhonde monga ndinazolowera. Koma ndinaganiza za mayi uja atakhala pampando akumvera chinthu chimene anakana, ife tikudziwa iye osadziwa, titamudumphitsa mwambo wake ndi manja athu ngati mwana wosaganiza. Anamva zonse, anasankha maso ali poyera. Ndinaganizanso za ana onse amene anaika zinsinsi zawo m'makinamo pokhulupirira kuti wosunga senya satsegula, ngakhale atakhala ndi chifukwa chabwino chotani.

"Bweza kafulashi m'thumba," ndinatero. "Ndinalonjeza."

"Munalonjeza inu, ine sindinalonjeze."

"Unalonjeza tsiku limene anakunong'oneza senya."

Anandiyang'ana maso ali psuu. "Ndiye mukumupha kachiwiri," anatero, n'kutuluka. Mwana ameneyo sanakopere, ndikumuchitira umboni. Koma sanandilankhulenso mpaka anamaliza sikola, ndipo mpaka lero tikakumana amayang'ana kumbali. Zimandipweteka, chifukwa ndinkamukonda mwana uja.

Mvula yoyamba inabwera ndi ziphaliwali, magetsi anathima, batire linatha. Magetsi atayaka, sevidoro inadzuka ndi disiko yatsopano yokha. Yakale inali zii, ngakhale kugogoda kuja kunalibe. Tinayesa zonse zimene tinkadziwa, Inasio akutiuza pafoni, koma madzi akatayika saoleka. Tsiku la msika aNaphiri atafika, ndinawachingamira pakhonde asanavule matapata, ndinawauza. Sanakuwe. Anafunsa ngati chinthucho chimachoka m'makina. Ndinachimasula, anang'amba kansalu kuchitenje chawo, anachikulunga bwinobwino, anati chikakhala m'sutukesi pamodzi ndi zinzake. Diretolo atamva anati, "Ndinanena ine." Mphamvu yokangana naye inali itandithera.

Nditapuma pa ntchito

ALorenso anabwera m'chilimwe, ine nditapuma kale. Anatumiza uthenga kuti ndikakhale nawo pogawa katundu. Tinakhala pamphasa pabwalo, anatsegula sutukesi, anapemphera, n'kuyamba kutchula chinthu ndi mwini wake watsopano. Madiresi anapita kwa asuweni, mabuku kwa mng'ono wake, mpango uja kwa aNaphiri, amene anaulandira ndi manja awiri n'kuununkhiza. Pomaliza anatulutsa kamtolo ka chitenje.

"Ichi ndi cha aPulofesolo," anatero. "Anasunga mawu a mwana wathu, anasunganso mawu athu. Anthu otere asowa masiku ano. Tamasula. Tsopano chitani nacho zimene munkafuna zija."

Anthu anaomba m'manja. Ine ndinangoti zikomo. Pondiperekeza, aNaphiri anandigwira mkono.

"Popeza amasula, mukopere kuja munkanena. Ndibwera tsiku la msika."

"Mayi, ndinakuuzani kuti chinafa."

"Chinafa chili chomangidwa. Mukayese tsopano."

Ndinakayesadi. Ndinakwera shapa mpaka ku Tete, Inasio ananditengera kwa mmisiri amene ankamukhulupirira. Anaitsegula, anandionetsa mkati mmene munakalikakalika, anati ngakhale kunja sangatulutsemo kanthu. Ndinabwerera nayo m'thumba la jekete.

Tsiku la msika ndinapita kusikola ngakhale sinalinso ntchito yanga. Amene anatenga kiyi wanga ananditsegulira kachipindako. Sevidoro inali kulira bwinobwino ndi disiko yatsopano, masamba a anthu onse ali momwemo. ANaphiri anafika atamanga mpango wa Rosalina. Ndinawauza za ku Tete, zonse, osachotsapo. Anagwedeza mutu, komabe anavula matapata, analowa, anakhala pampando wawo wa pazenera. Ndinati ndituluke monga kale, koma anakweza dzanja kuti ndikhale.

"Musavutike, ndimaudziwa pamtima," anatero.

Anatsinzina, n'kuyamba kunena okha uthenga womaliza uja, akutsanzira ndi kalankhulidwe ka mwana wawo. "Amayi, ndine Rosalina. Kuno kwatentha, sitikugona. Mayeso ndalemba, musade nkhawa. Nyemba zija musagulitse zonse, mundisungireko. Ndipo ndikabwera..."

Anaima. Anabwerera poyamba, anafikanso pomwepo, anaimanso. Kenako anatsegula maso n'kundiyang'ana.

"APulofesolo, inu munalipo masiku onse aja. Akabwera amati atani?"

Ine masiku onse aja ndinkakhala pakhonde.